Kuba M'sitolo ku England ndi Mphekesera ya Mapaundi 200

Ku England kuba m'sitolo ndi mlandu, kaya chobedwacho ndi sopo, kaya ndi foni. Mphekesera yomwe yafala m'magulu a WhatsApp a Amalawi okhala kuno, yakuti katundu wosapitirira mapaundi 200 samangitsa munthu, ndi yabodza. Gwero lake ndi kusamvetsa mbiri ya malamulo okhudza mlanduwu.

Kale dziko lino lidalibe chifundo ndi akuba m'masitolo. Lamulo la mu 1699 lidagamula kuti wakuba katundu wa mashilingi 5 kapena kuposerapo anyongedwe. Mu 1771 mayi wina wachitsikana, Mary Jones, adanyongedwa pa Tyburn mu London chifukwa choba nsalu, ali ndi khanda loyamwa. Ena ankawatumiza ku America, kenako ku Australia kuyambira mu 1788. Phungu wina, Samuel Romilly, adalimbana ndi nkhanzazi m'nyumba ya malamulo, koma chilango cha imfa pamlanduwu chidachotsedwa mu 1823, iye atamwalira kale.

Lero milandu ya umbava imayendera Theft Act ya mu 1968, yomwe imalola khoti kutsekera wakuba mpaka zaka 7. Chiwerengero cha mapaundi 200 chidadza mu 2014, pomwe lamulo latsopano lidati mlandu wa katundu wosapitirira mtengowu uzizengedwa kukhoti la majisitireti kuti usachedwe. Lidangosintha bwalo, silidafafanize mlandu. Poona kuti anthu ambiri, ngakhale eni nthaka, akulimva molakwika, boma lidapereka bilu yolichotsa mu 2025.

Chinanso chopusitsa alendo ndi ulemu wa Angerezi. Kumudzi wakuba akagwidwa mumsika, anthu amamukuwiza, nthawi zina kumumenya apolisi asanafike. Kuno mlonda amangoyang'ana, kamera n'kumajambula. Anthu a kuno sakonda phokoso, amakonda kusunga zolemba, ndipo zolembazo zimapweteka kuposa chibakera.

Chinyengo cha pa intaneti n'choopsa kuposerapo. Wolandira katundu n'kunama kuti sadafike pofuna kubwezeredwa ndalama, wogula ndi khadi la munthu wina popanda chilolezo, kapena wotsatsa pa Facebook katundu yemwe alibe, amagwidwa ndi Fraud Act ya mu 2006. Chilango chake chimafika zaka 10.

Kwa mlendo, vuto silithera kukhoti. Ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala amafufuzidwa ndi bungwe la DBS, ndipo ngakhale chenjezo la apolisi lingathe kuonekera pa chikalata cha bungweli. Pofunsira viza kapena unzika, munthu amayenera kuulula milandu yake. Lamulo la UK Borders Act la mu 2007 limati mlendo wolamulidwa kukhala m'ndende miyezi 12 kapena kuposerapo abwezedwe kwawo, kupatula pa zifukwa zochepa. Katundu wa mapaundi 20 angathe kulanda munthu ntchito yomwe ikudyetsa banja lonse kumudzi.