Mzinda wathu wa Tete tikauyang'ana patali

Atsogoleri anzathu a makalasi, ambiri a ife tinathawira ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe nthawi ya nkhondo. Pobwerako pambuyo pa mtendere wa 1992, tinkakonda kuseka kuti, "Tete ndi mudzi cabe, nyumba zitalizitali kulibe." Pang'ono tinkanena zoona.

Ku Lusaka, maso amayamba kugwera pa Findeco House, ya nsanjika 23, imene boma linamanga m'zaka za m'ma 1970 likudalira ndalama za mkuwa. Ku Harare kuli nyumba ya banki yaikulu ya dziko, ya nsanjika 28, yomalizidwa mu 1997. Ku Maputo kuli ija ya nsanjika 33. Zonsezi zinamangidwa kumene cuma cimasonkhana ndi kuwerengedwa.

Nanga kwathu kuno? Imani kutsidya ku Matundo dzuwa likulowa. Zakale za Apwitikizi, monga linga ndi nyumba yopemphereramo ya São Tiago Maior, n'zazifupi, zangokhala pansi m'mbali mwa Zambezi. Cimene cimaonekera patali si nyumba ayi, koma nsanamira ndi zingwe zacitsulo za mlatho wa Samora Machel. Anaukonza injiniya Edgar Cardoso, ndipo unatsegulidwa mu 1973, damu la Cahora Bassa lili mkati momangidwa. Poyamba unali ndi dzina la Marcelo Caetano. Agogo athu asanauone ankaoloka pa pantoni ndi pa mabwato.

Apa ndiye pali nkhani. Mlatho ndi podutsa, si posungira. Kale minyanga, golide ndi akapolo zinkatsikira kunyanja kudzera pano. Magetsi a Cahora Bassa amayenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku South Africa. Malasha a ku Moatize, kuyambira 2011, amapita pa njanji ku madoko, poyamba ku Beira kenaka ku Nacala. Malashawo anatibweretserako mahotela ndi nyumba zosanjikizana, inde, koma cacikulu cimene cinaonjezeka ndi mlatho winanso, wa Kassuende, mu 2014, kuti malole olemera asamapanikizane m'tauni.

M'kalasi mwanu yesani izi: ophunzira ajambule pa bolodi mzinda umene anauonapo, pansi pake ajambule Tete, alembe dzina la cinthu ciliconse cacitali. Kenaka muwafunse kuti anamanga ndani, nanga ndalama zake zinacokera kuti. Amayi amene amagulitsa malonda pafupi ndi mlatho muwasiye ayambe ndiwo kuyankha, pakuti malole aja amawawerenga tsiku ndi tsiku.