Kansangalabwi kamene kamasunga nthawi

Kuno ku Ligowe June akafika timafunda mabulangete awiri, koma ukatsikira ku Lisungwi kapena pa Zalewa mu October, thukuta limachita kuyenderera uli pamthunzi. Ife timangodandaula basi. Koma pali kanthu kena pamkono panu ndi m'thumba mwanu kamene kamamva kusintha kumeneku kuposa ife: kachipangizo kosunga nthawi ka mu wotchi ndi mu foni. Ine ndimaona kuti mbiri ya wotchi ndi nkhondo yolimbana ndi kutentha ndi kuzizira, ndipo kachipangizoko kakamachepa, nkhondoyo imakula.

Agogo athu analibe vuto limeneli. Tambala, dzuwa, kenako belu la kumishoni ngati ya Matandani, zinkakwanira. Wotchi ndiye imafuna chinthu chogwedera mobwerezabwereza pa liwiro losasintha, iyo n'kumangowerenga. Mu 1656 Christiaan Huygens wa ku Holland anapanga koloko yoyendera chitsulo cholendewera. Vuto lake, chitsulo chikatentha chimatalika, chikatalika chimagwedera mochedwa, pafupifupi theka la sekondi patsiku pa digiri iliyonse. Pakhoma la tchalitchi zimenezo n'zazing'ono. Panyanja inali nkhani ya moyo ndi imfa, chifukwa oyendetsa sitima ankadziwa pamene ali poyerekeza nthawi ya kumene achokera ndi nthawi ya dzuwa. Wotchi ikalakwitsa mphindi imodzi, sitima inkatha kusochera makilomita pafupifupi 28.

John Harrison, kalipentala wa ku England, anatha moyo wake wonse pa vuto limeneli. Nzeru yake inali yophatikiza zitsulo ziwiri zofutukuka mosiyana, kuti china chikakoka, chinzake chibweze. Wotchi yake yotchedwa H4 inanyamuka ulendo wa ku Jamaica mu 1761, ndipo itafika inapezeka kuti yalakwitsa masekondi 5 okha. Mu 1896 Charles Édouard Guillaume anapeza chitsulo chosakaniza chotchedwa invar, chimene sichifutukuka kwenikweni, ndipo mu 1920 analandira mphoto ya Nobel. Tangoganizani, mphoto yonse ija chifukwa cha chitsulo chouma mutu!

Kenako inabwera nsangalabwi, mwala umene azungu amati quartz, womwewu woyera timauponda m'njirawu. Mu 1880 Jacques ndi Pierre Curie, pachibale pawo, anapeza kuti ukaufinya umatulutsa timagetsi. Zinadziwikanso kuti ukaupatsa magetsi umapindika pang'ono, ndiye ukhoza kuunjenjemeretsa. Mu 1927 Warren Marrison ndi J. W. Horton a ku Bell Labs anapanga koloko yoyamba ya quartz. Koma mdani uja anali pomwepo. Amene ndimamugomera pano ndi Issac Koga wa ku Japan, yemwe chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 anapeza kuti chinsinsi chili pa kadulidwe. Ukadula mwalawo mopendeketsa pa ngodya inayake, kunjenjemera kwake sikusintha kwenikweni ngakhale kutenthe. Mawailesi ndiwo anayamba kupindula: siteshoni inkakhazikika pamalo ake, osayendayenda. Makolo amene ankakonza mawotchi awo pomvera MBC ankadalira timiyala timeneti osadziwa.

Pa 25 December 1969 kampani ya Seiko inayamba kugulitsa Astron, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz, pamtengo wa mayeni 450,000, ndalama yoti ukanagula kagalimoto. Zaka 20 pambuyo pake kunatuluka Casio F-91W, ija yakuda yapulasitiki imene aliyense anaivalapo, yeniyeni kapena yofananitsa. M'kati mwa mawotchi oterewa muli kamwala kooneka ngati mphanda, kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Nambala imeneyi sanangoitola. Mukaigawa pakati ka 15 mumatsala ndi 1, ndiye sekondi imeneyo.

Kamphanda kameneka kali ndi khalidwe lake. Kamayenda bwino kwambiri pa madigiri pafupifupi 25. Kukazizira kamachedwa, kukatenthanso kamachedwa. Mukasiya wotchi pamalo a madigiri 10, ngati m'mamawa wa June kumtunda kuno, kapena a madigiri 40 ngati masana a kuchigwa, imatsalira masekondi pafupifupi 20 pamwezi, nyengoyo itati isasinthe. Chimaipulumutsa ndi thupi lanu lomwe, lomwe limaifunditsa mofanana tsiku lonse. Ndiye amene mumavula wotchi n'kuiponya pawindo, mwamva.

Masiku ano akatswiri akufuna tinthu tating'ono kuposa pamenepo, tosemedwa mu silikoni ngati mmene amapangira ubongo wa kompyuta. Amatitchula kuti MEMS, ndipo Harvey Nathanson wa ku Westinghouse anayamba kutiyesa m'zaka za m'ma 1960. Tinatenga zaka pafupifupi 40 tisanafike pamsika, pa zifukwa ziwiri. Silikoni amafewa akatenthedwa, moti kusintha kwa madigiri 10 kokha kungachititse wotchi kulakwitsa masekondi 26 patsiku. Chinanso, kanthu kochepa chonchi kamalemedwa ngakhale ndi chinyontho chokhala pamwamba pake, liwiro n'kusintha. Mayankho anali kukatsekera m'kachipinda kopanda mpweya kamene amakamata pamoto wa madigiri oposa 1,000, komanso kuika pambali pake kachipangizo koyeza kutentha kuti kompyuta izikonza masamu nthawi iliyonse. Kampani ya SiTime, yomwe inayamba mu 2005, inakulira pa nzeru zimenezi. Komabe mu 2018, pachipatala china ku Illinois ku America, mpweya wa helium utatayika pa makina a MRI, ma iPhone ambirimbiri anangoti zii. Helium ndi wochepetsetsa, analowa m'tizipinda tija n'kusokoneza kugwederako.

Mafoni ambiri amene timagula kuno akadali ndi quartz, ndipo zofuna zake ndi zokhwima kuposa za wotchi. Pa netiweki ya GSM, nsanja siyenera kuphonya liwiro lake kupitirira gawo limodzi mwa magawo 20 miliyoni, pamene foni imaloledwa gawo limodzi mwa 10 miliyoni poyerekeza ndi nsanjayo. Kamwala ka mu foni yotchipa sikangakwanitse zimenezo pakokha, makamaka foniyo itakhala padzuwa ikutchajidwa pa sola. Ndiye imamvetsera nsanja n'kumadzikonza mosalekeza. Ikapanda kutero, ndalama ya manachesi imene mukuidikira pa Mpamba kapena Airtel Money siingafike, ngakhale nsanja mukuiona ndi maso.