Ngalande za St Lawrence ndi nkhombe zomwe zinalowera pomwepo

Mu 1959 maiko a Canada ndi America anatsegula St Lawrence Seaway, ngalande zimene zinalola sitima zikuluzikulu za m'nyanja yamchere kufika mpaka ku Chicago ndi Duluth, m'kati mwa nyanja zisanu za Great Lakes. Mu 1988, m'nyanja ya St Clair pafupi ndi Detroit munapezeka kankhombe kang'ono ngati chikhadabo, kamizeremizere ngati mbidzi, komwe amakatcha zebra mussel. Kwawo n'kudera la nyanja za Black Sea ndi Caspian. Ambiri amati kubwera kwake kunali tsoka chabe, koma ine ndimakuona ngati ngongole ya ngalande zija, ngongole yomwe maiko awiriwa akanatha kuipewa.

Sitima ikakhala ilibe katundu wokwanira imatunga madzi padoko kuti ilemere, isamapendame, ndipo ikafika kokapakira imawakhuthula. M'madzi amenewo mumakhala ana a nkhombezi, osaoneka ndi maso, omwe amayandama masiku ambiri asanadzimatirire ndi tiulusi pamwala, pachitsulo, ngakhale pamsana pa anzawo. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana miliyoni pachaka. Khalidwe limeneli silinali chinsinsi ayi: pofika 1824 nkhombezi zinali zitapezeka kale m'madoko a London, ndipo zinafalikira ku Ulaya potsata ngalande. Komabe America inadikira mpaka 1989, pamene zinatseka mipope ya madzi akumwa mumzinda wa Monroe ku Michigan, kuti ikhazikitse lamulo chaka chotsatira.

Ena amati nkhombezi zayeretsa nyanja. Inde madzi ayera, pakuti iliyonse imasefa pafupifupi lita imodzi patsiku. Koma chimene imasefacho ndi tizomera ting'onoting'ono tomwe moyo wonse wa m'nyanja umadalira, choncho kuyera kumeneko ndi njala. Mbale wa nkhombezi wotchedwa quagga, amene anatsatira posakhalitsa, anatsikira kwakuya nayala pansi pa nyanja ya Michigan. Tizilombo ta Diporeia, chakudya cha nsomba ya whitefish, tinatsala pang'ono kutheratu m'nyanja za Michigan ndi Huron, nsombazo n'kuyamba kuonda. Nkhombe zakomweko zinkafa zitakutidwa ndi alendo mazanamazana, osathanso kutsegula zigoba. Dzuwa nalo, polowa kwakuya m'madzi oyerawo, linameretsa ndere zomwe zimakaolera m'magombe n'kumanunkha.

Mtsutso wolemera ndi wa malonda: tirigu ndi zitsulo zinayenera kuyenda, ndipo anthu ambirimbiri amadyera pamadoko amenewa. Sindikukana. Koma panalibe chifukwa chosankha pakati pa malonda ndi nyanja. Zamoyo za m'madzi opanda mchere zambiri zimafa zikathiridwa madzi amchere, kotero sitima inkangofunika kutsuka matanki ake pakati pa nyanja ya Atlantic isanalowe. Canada italamula zimenezi mu 2006, ndi oyang'anira ngalandezo mu 2008, zamoyo zachilendo zolowa ndi madzi a sitima zinachepa kwambiri, malonda osaima. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala otchipa chonchi anafika nkhombe zitamanga kale mudzi, ndipo mu Januwale 2007 quagga anapezeka ku Lake Mead, kumadzulo kwenikweni kwa America, kumene akuti anafika atamatirira ku mabwato okokedwa ndi galimoto.