Amene Amadyetsa Oimba: Kuchokera ku Fort Manning Kufika pa Bwalo la Mganda

Gulu la oimba, kaya ndi la anthu khumi kaya la anthu makumi asanu ndi atatu monga magulu aakulu a ku Ulaya, limakumana ndi mafunso atatu. Kodi zoimbira agula ndani? Nanga oimbawo alandira chiyani pa thukuta lao? Ndipo kodi anthu oŵazungulira akulitenga gululo ngati lao? Mbiri ya Mchinji ikuthandiza kuona momwe mafunsoŵa akhala akuyankhidwira m'Malaŵi muno.

Boma la Mchinji linayamba ngati linga la asilikali. M'chaka cha 1898, Atsamunda atagonjetsa Angoni a Mpezeni, linga la kumalireko linatchedwa Fort Manning potengera dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anadzakhala Bwanamkubwa wa Nyasalandi. Kumalo otere anthu anali kuona perete ndi kumva kulira kwa lipenga. Woimba lipenga wa Keyala sanali kudandaula za chakudya kapena zovala, pakuti zonse zinali kuchokera ku Boma. Komabe analibe ufulu wosankha nyimbo kapena wokana ntchito. Anali msilikali poyamba, woimba pambuyo.

Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali ndi amtengatenga anabwera kumudzi ndi magule otsanzira perete, amene muzu wake ndi gule wa beni wa kugombe la Kenya ndi Tanganyika. Kumpoto ndi ku Likoma kunakula malipenga, pamene m'chigaŵo chapakati munafala mganda. Anthu akumudzi analibe ndalama zogulira malipenga a mkuwa. Motero anatenga zikho nazibowola, namatapo kansalu kamene kangaude amakutira mazira ake, ndipo anapanga badza.

Chochititsa chidwi ndi kayendetsedwe ka magulu ameneŵa. Gulu linali ndi mfumu yake, akapitao ndiponso msungichuma. Anthu akagulitsa fodya kapena mtedza anali kusonkha ndalama zogulira makabudula, malaya oyera ndi masokosi. Wochedwa pa zokonzekera anali kulipa chindapusa. Gulu likapita kukapikisana kumudzi wina, eni mudziwo ndiwo anali kuphikira alendo, podziŵa kuti chaka chamaŵa nawonso adzaphikiridwa. Malipiro panalibe, koma milandu ya ndalama zosonkha inali kukambidwa poyera, pamaso pa onse. Vuto lalikulu linali ulendo wa ku Halale ndi ku Joni, umene unali kuchotsa anyamata pamzere, ngakhale kuti obwerako ndiwo kaŵirikaŵiri anali kubwera ndi zovala zabwino.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, dzina la Fort Manning linasiyidwa, ndipo oimba anapeza owalemba ntchito atsopano. Apolisi ndi asilikali anali ndi magulu ao, ndipo m'chaka cha 1973 wailesi ya MBC inakhazikitsa gulu lake la oimba olandira malipiro a pamwezi. Ena anali kuimba m'mahotela ndi m'malo achisangalalo ndi zida za munthu wina. Apa ndi pamene panali kubuka mikangano yambiri. Mwini magitala anali kutenga gawo lalikulu la ndalama za pakhomo ponena kuti zida nzake, oimba nkumati popanda zala zao gitalayo ndi thabwa chabe. Magulu ambiri anapasuka chifukwa cha nkhani imeneyi, osati chifukwa chosoŵa luso.

Mkangano wotere si wa kuno kokha. Ku America, kuyambira mu 1942 mpaka 1944, bungwe la oimba linaletsa mamembala ake kujambulitsa nyimbo kufikira makampani atavomera kulipirapo kanthu pa mbale zogulitsidwa. Mu 2011 gulu lotchuka la mumzinda wa Philadelphia linapita kubwalo la milandu kukavomera kuti chuma chake chagwa. Kuno kwathu, lamulo loteteza ntchito za aluso linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba mu 1992 kutolera ndalama za oimba kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo zao.

Pali gulu limodzi limene linayesa kuphatikiza njira ziŵirizi. Alleluya Band inabadwira pa parishi ya Katolika ku Balaka mu 1978. Zida zinapezeka ndi thandizo la wansembe, Bambo Mario Pacifici, koma oimbawo, motsogozedwa ndi Paul Banda, anali ana a komweko, oimbira anthu a kwao. Ena atachoka kukayamba magulu ao, achinyamata ena analoŵa m'malo mwao, monga momwe zimakhalira pamzere wa mganda.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti malipiro amasunga woimba kufikira tsiku limene wolipirayo watopa, pamene mudzi umasunga gulu ngakhale ndalama zitasoŵa. Koma mudzi nawonso suyenera kuiŵala kuti woimba ali ndi ana ofuna nsima ndi fizi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Gulu limalimba pamene mwini zida, woimba ndi womvera aliyense wagwira mbali yake.