Kuyendetsa zida zingapo za AI pa ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta

Kuyendetsa zida zingapo za AI pa nthawi imodzi ndi kagwiridwe ka ntchito komwe kanayamba kufala pakati pa akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta m'chaka cha 2025. AI ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza nzeru zochita kupanga. Pa ndondomekoyi katswiri salembanso yekha mzere uliwonse wa malangizo omwe kompyuta imatsata, omwe eni ntchitoyi amawatcha code. M'malo mwake amagawa ntchito kwa zida ziwiri, zinayi kapena kuposerapo, chilichonse n'kumagwira gawo lake, iye n'kutsala ndi udindo wa kapitawo: kugawa ntchito, kuyendera, ndi kuvomereza kapena kukana zomwe zatuluka.

Chiyambi chake

Zida zoyambirira zinkangothandiza munthu kumaliza mzere womwe wayamba kulemba. Chodziwika kwambiri mwa izo ndi GitHub Copilot, chomwe chinayamba kuyesedwa mu Juni 2021 n'kutsegulidwa kwa aliyense mu Juni 2022. Chida chotere sichingayendetsedwe pawiri, poti chimadikira zala za munthu.

Zinthu zinasintha pamene kunabwera zida zotha kulandira ntchito yathunthu, kuwerenga mafayilo, kuwasintha, kuyesa zomwe zalemba ndi kubwereza zikalephera, popanda munthu kuziuza chochita pa sitepe iliyonse. Zida zimenezi zimatchedwa agents. Kampani ya Cognition inalengeza za Devin mu Malichi 2024. Anthropic inatulutsa Claude Code mu Febuluwale 2025, ndipo mu Meyi chaka chomwecho OpenAI inatulutsa Codex, yomwe imagwira ntchito zingapo nthawi imodzi pa makompyuta a kampaniyo, Google nayo n'kutsegula Jules kuti anthu aiyese. Popeza chida chimodzi chimatha kutenga mphindi zambiri chili pa ntchito, katswiri ankapezeka akungoyang'ana kompyuta manja ali m'thumba, ndipo maganizo oyambitsa chida china pa ntchito ina anabwera okha. Mu Okutobala 2025 pulogalamu ya Cursor inafika polola zida zisanu ndi zitatu kugwira ntchito pamodzi.

Chida chilichonse ndi munda wake

Vuto loyamba ndi la malo. Zida ziwiri zikamasintha mafayilo mu foda imodzi, chimodzi chimafufuta zomwe chinzake changolemba kumene, ndipo chinzakecho chikayesa pulogalamu chimapeza zolakwika zomwe sichinapange, n'kuyamba kukonza zinthu zomwe zinali bwinobwino.

Njira yothetsera vutoli inalipo kale zida za AI zisanabwere. Git, pulogalamu yomwe Linus Torvalds analemba m'chaka cha 2005, imasunga mbiri ya kusintha kulikonse komwe kwachitika pa code, ndipo imalola anthu kugwira ntchito pa nthambi zosiyana n'kudzaziphatikiza pambuyo pake. M'chaka cha 2015 Git inawonjezera lamulo lotchedwa worktree, lomwe limapatsa nthambi iliyonse foda yakeyake pa kompyuta imodzi, mbiri yokha n'kukhala yogawana. Lamuloli linakhala zaka pafupifupi khumi likudziwika ndi ochepa, koma tsopano ndilo msana wa kagwiridwe ka ntchito kameneka: chida chilichonse chimapatsidwa nthambi ndi foda yake, ndipo Git yokha imakana kuti mafoda awiri atsegule nthambi imodzi.

Malirewa ali ndi polekezera. Mafoda angakhale osiyana, koma ngati zida zonse zikuyesa ntchito yake pa nkhokwe imodzi ya zolembedwa, monga ndandanda wa makasitomala, zimasokonezanabe. N'chifukwa chake ena amatsekera chida chilichonse m'kachipinda kakekake mkati mwa kompyuta pogwiritsa ntchito mapulogalamu onga Docker, kapena amatumiza ntchitoyo ku makompyuta a kampani yomwe inapanga chidacho.

Kugawa ntchito

Apa ndi pomwe luso lenileni lagona. Tiyerekeze pulogalamu ya sitolo yogulitsa katundu pa intaneti. Chida choyamba chauzidwa kusintha kawerengedwe ka msonkho, chachiwiri chauzidwa kukonza kasindikizidwe ka malisiti. Poyang'ana pamwamba, ntchitozi sizikhudzana. Koma chida choyamba chikaganiza kuti mtengo wosungidwa uziphatikiza msonkho, pomwe chachiwiri chikuwonjezabe msonkho pa mtengowo monga zinalili kale, kasitomala adzalipira msonkho kawiri. Git imazindikira kuwombana pokhapokha nthambi ziwiri zikasintha malo amodzi m'fayilo imodzi. Pa chitsanzochi mafayilo ndi osiyana, kotero nthambi ziwirizo ziphatikizana popanda chenjezo, ndipo cholakwikacho chidzaonekera pa lisiti la munthu.

Vutoli si lachilendo. Fred Brooks, yemwe anatsogolera ntchito yolemba OS/360 ku kampani ya IBM, anafotokoza m'buku lake la 1975, The Mythical Man-Month, kuti ntchito ya mapulogalamu yomwe yachedwa imachedwa koposa mukaionjezera anthu. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi masamu wamba: pakati pa anthu anayi pali njira 6 zolumikizirana awiriawiri, koma pakati pa anthu asanu ndi atatu pali njira 28. Zida za AI zomwe zayambitsidwa padera sizidziwa zomwe chinzake chikuchita, choncho kulumikizana konseko kumagwera munthu mmodzi.

Ntchito zoyenera kugawa ndi zomwe zili ndi malire ooneka komanso njira yodziwira kuti zatha: kukonza cholakwika chodziwika, kulemba timapulogalamu toyesera gawo lomwe lilipo kale, kufufuza momwe gawo lina la code limagwirira ntchito popanda kusintha kanthu. Ziganizo zokhudza maziko a pulogalamu yonse zimapangidwa kaye ndi munthu, zida zisanayambe. Palinso ena omwe amapatsa zida zingapo ntchito imodzimodzi n'kusankha yankho labwino, zotsalazo n'kutaya.

Chinanso n'chakuti chida chimayamba ntchito iliyonse ngati mlendo. Chimatha kusunga mawu owerengeka pa nthawi imodzi, ndipo zokambirana zikatalika, malangizo a poyamba amayamba kutayika. Pa chifukwa ichi akatswiri amaika m'foda ya pulogalamu fayilo ya malangizo, yomwe kawirikawiri imatchedwa AGENTS.md kapena CLAUDE.md, yofotokoza kayesedwe ka pulogalamuyo, kalembedwe kovomerezeka ndi malo osayenera kukhudza. Fayilo imeneyi ikalembedwa mwaulesi, zida zonse zimalakwa mofanana.

Pomwe ntchito imaunjikana

Chida chimatha kulemba mizere mazanamazana m'mphindi zochepa, koma maso a munthu sanawonjezere liwiro. Zida zisanu zikamaliza ntchito nthawi imodzi, katswiri amakhala ndi milu isanu yoti awerenge, ndipo mulu uliwonse umafuna kuti akumbukire zomwe analamula ndi chifukwa chake. Chiyeso chovomereza osawerenga chimakula pamene milu ikukula, makamaka poti zida zimalemba malipoti osalala onena kuti zonse zatheka. Zimachitika kuti chida chalephera kukonza cholakwika, ndiye m'malo mwake chasintha kapulogalamu koyesera kuti kasiye kudandaula. Mayeso ochitika okha amagwira zolakwika zambiri, koma amangogwira zomwe wina anaganiza zoyesa.

Ngakhale maganizo a katswiri pa liwiro lake ndi osadalirika kwenikweni. Mu Julayi 2025 bungwe la METR linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa akatswiri 16 odziwa bwino ntchito, omwe anagwira ntchito 246 pa mapulogalamu omwe anawazolowera. Pogwiritsa ntchito zida za AI anatenga nthawi yochuluka ndi 19 peresenti, pomwe iwo ankakhulupirira kuti afulumira ndi 20 peresenti. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, anagwiritsa ntchito zida za kumayambiriro kwa 2025, ndipo sanali wokhudza zida zogwira ntchito pamodzi. Komabe anaonetsa kuti kumva kuti ntchito ikuthamanga ndi kwina, kuthamanga kwenikweni ndi kwina, ndipo kompyuta yodzadza ndi zida zotanganidwa imapereka kumva koteroko mosavuta.

Chilolezo ndi ndalama

Zida zambiri zimapempha chilolezo zisanachite chinthu choopsa monga kufufuta mafayilo. Munthu amene akuyendetsa zida zingapo amatopa ndi mafunso amenewa, ndipo ena amangozimitsa mapemphowo. Mu Julayi 2025 Jason Lemkin, yemwe anayambitsa kampani ya SaaStr, analengeza kuti chida cha Replit chinafufuta nkhokwe yake ya zolembedwa pa nthawi yomwe anali atalamula kuti pasasinthidwe kanthu. Zolembedwazo zinabwezeretsedwa, ndipo mkulu wa Replit, Amjad Masad, anavomereza kuti zomwe zinachitikazo zinali zosayenera, kampaniyo n'kulekanitsa nkhokwe yoyesera ndi nkhokwe yeniyeni. Chimenecho chinali chida chimodzi chokha.

Ndalama nazo zimakwera molingana ndi chiwerengero cha zida, chifukwa chilichonse chimawerenga code pachokha ndipo makampani amawerengera tizidutswa ta mawu, totchedwa tokens, tomwe talowa ndi kutuluka. Mu Ogasiti 2025 Anthropic inaika malire a pa sabata kwa olembetsa ake, ndipo mwa zifukwa zomwe inapereka panali choti ena ankasiya Claude Code ikugwira ntchito usana ndi usiku. Mitengo yambiri imatchulidwa m'madola a ku America, zomwe zimalemera kwambiri m'mayiko omwe ndalama zakunja zimavuta kupeza.

Kwa makampani a m'chigawo chino palinso funso la komwe zinthu zikupita. Zida zambiri zimatumiza zomwe zawerenga ku makompyuta a kunja kwa dziko, ndipo ngati m'foda muli maina a odwala kapena manambala a maakaunti a kubanki, nazonso zimapita. South Africa ili ndi lamulo la POPIA, Zambia ndi Zimbabwe zinakhazikitsa malamulo oteteza zinsinsi za anthu m'chaka cha 2021, ndipo Malawi inatero mu 2024. Malamulowa ali ndi ndime zokhudza kutumiza kunja zolembedwa zokhudza anthu, choncho zida zimayenera kupatsidwa zolembedwa zongopeka zoyesera, zenizeni n'kukhala kumene sizingazifikire.