Smart Cape

Smart Cape ndi ntchito imene khonsolo ya mzinda wa Cape Town ku South Africa inayambitsa mu 2002 kuti anthu wamba azigwiritsa ntchito intaneti kwaulere m'malaibulale ake. Inayambira m'malaibulale 6, kuphatikizapo a ku Delft, Gugulethu ndi Grassy Park, ndipo laibulale iliyonse inalandira makompyuta 5. Makompyutawo ankayendera Linux, pulogalamu yosalipiritsa chiphaso.

Aliyense wolembetsa umembala ankapatsidwa mphindi 45 patsiku. Nthawiyi ndi yochepa ndithu, komabe kwa munthu wosaka ntchito amene sakanakwanitsa kulipira pa kafe ya intaneti, inali yokwanira kutumiza kalata pa imelo.

Mu 2003 bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation linapatsa ntchitoyi mphoto ya Access to Learning ya madola 1 miliyoni, ndipo ndalamazo zinathandiza kuifikitsa m'malaibulale ena a khonsolo. Pakatikati pa mzinda, anthu amaipeza ku Central Library, m'nyumba yakale ya Drill Hall pamsewu wa Darling, pafupi ndi Grand Parade.

Koma zam'masukulu sizinali za khonsolo: zinali m'manja mwa boma la chigawo cha Western Cape, limene linayamba kuikamo makompyuta mu 2001 kudzera m'ntchito ya Khanya.