Mankhwala, kombe ndi katemera: zimene mayina amatiuza

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Dambe m'boma la Neno akanena kuti akukagula mankhwala, simungadziwe ngati chadwala ndi mwana kapena munda. Mawu omwewo amatchula piritsi la mutu, ufa wothira m'chimanga kuti anankafumbwe asalowe, madzi opopera thonje ku Lisungwi, otsukira mano, ophera makoswe, mpaka chithumwa chomanga m'chiuno mwa khanda. Chichewa sichinalakwe posonkhanitsa zonsezi pa dzina limodzi. Mankhwala ndi chilichonse chokhala ndi mphamvu yosaoneka yosintha thupi kapena chinthu. Mphamvuyo imachiritsa kapena kupha malinga ndi dzanja loigwira ndiponso mlingo wake. N'chifukwa chake timachita kuwonjezera mawu kuti timveke: a chifuwa, a mbewu, achikuda, akuchipatala.

Ngakhale piritsi likhale limodzi, ife timati mankhwala basi, pamene anzathu Atumbuka ali nawo mawu a chinthu chimodzi, munkhwala. Ayawo amati mtela, dzina lomwe limatanthauzanso mtengo, ndipo Azulu nawo umuthi ndi mtengo komanso mankhwala. Ife tili ndi zitsamba, kuchokera ku tsamba, ndipo mpaka lero timati kukumba mankhwala chifukwa ambiri anali mizu. Wokumbayo ndi sing'anga, amene dzina lake lili pachibale ndi mganga wa Aswahili, n'anga wa Ashona ndi inyanga wa Azulu. Ntchito imeneyi ndi yakale kuposa malire a mayiko athu.

Mapiritsi oyera akuchipatala nawonso ambiri anayambira kuthengo. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku mapiri a ku South America. Dzina la aspirin, lomwe kampani ya Bayer ya ku Germany inalembetsa mu 1899, lili ndi chidutswa cha Spiraea, dzina la chomera. LA amene timamwa tikadwala malungo ndi zilembo zoyamba za lumefantrine ndi artemether, ndipo wachiwiriyu gwero lake ndi chitsamba cha Artemisia annua chimene mayi wa ku China, Tu Youyou, anachifufuza mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Chigwa cha Shire, mtsinje wodutsa m'malire a boma la Neno pa Matope, Zalewa ndi Nkula, chinapereka gawo lake. Alenje a Chimang'anja ankasinja njere za chomera choyanga m'mitengo chotchedwa kombe n'kupaka ululu wake pa mivi. Nyama yolasidwa sinkapita patali, mtima unkaima. Pa ulendo wa David Livingstone wa mu Zambezi ndi Shire, womwe unayamba mu 1858, dokotala John Kirk anasunga kombe m'thumba momwe munalinso mswachi wake. M'mawa wina akutsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, kenaka anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njere za kombe zitafika ku Edinburgh, Thomas Fraser anazifufuza, ndipo m'zaka za m'ma 1880 madokotala a ku Ulaya anayamba kupatsa odwala mtima timadontho ta mankhwala ochokera ku kombe. Mukatsegula mabuku akuluakulu a zomera lero, dzina lake ndi Strophanthus kombe. Mawu a alenje athu anakhazikika m'sayansi ya dziko lonse, ndipo ululu wophera njati unasanduka chothandizira mtima chifukwa cha kuchepetsa mlingo kokha.

Mawu akuti katemera ndi athuathu. Tsinde lake ndi kutema. Sing'anga amatema mphini ndi lumo n'kupakamo mankhwala. Kutemera munthu ndiko kumuchitira zimenezo. Azaumoyo atabwera ndi njira yopewera nthomba pokanda khungu la pamkono, makolo athu anaona chinthu chimene ankachidziwa kale, nachipatsa dzina lochokera ku mphini. Akuluakulu ambiri akali ndi chipsera chake paphewa, ngakhale nthomba inalengezedwa mu 1980 kuti yatha padziko lonse. Azungu anatenga dzina lawo ku vacca, ng'ombe m'Chilatini, poti Edward Jenner mu 1796 anagwiritsa ntchito nthomba ya ng'ombe. Iwo anakumbukira kumene mankhwalawo anachokera, ife tinakumbukira mmene amalowera m'thupi. Lero katemera wa poliyo amadonthezedwa m'kamwa popanda kutema paliponse, ndipo mu 2019 Malawi inakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, koma dzina likadali lomwelo.

Mawu obwereka, monga chipatala, jakisoni ndi piritsi, tinawawongola kuti akhale bwino pa lilime lathu, ndipo savuta. Vuto lili pa mayina a malonda. Muime pa kagolosale ka pa Ligowe madzulo: mayi apereka ndalama, anena kuti Panado, wogulitsa ang'amba mapiritsi awiri pa kapepala konyezimira, nkhani yatha. Panado ndi dzina limene kampani inapatsa katundu wake. Mankhwala enieni ali m'katimo ndi paracetamol, olembedwa m'tizilembo tating'ono pansi pake. Paracetamol yemweyo amapezekanso m'mankhwala ambiri a chimfine okhala ndi mayina ena. Munthu wamkulu sayenera kupyola mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, chifukwa kupyola apo chiwindi chimawonongeka. Womwa mitundu iwiri poganiza kuti ndi yosiyana akhoza kupyola mlingowo osadziwa. Safunsa anadya phula.

Mbiri ya mankhwala a malungo imaphunzitsa mbali ina ya mlingo. Mu 1993 Malawi inasiya chloroquine chifukwa tizilombo tinali titamuzolowera, n'kuyamba SP, amene ambiri ankamutcha Fansidar. Mu 2007 nayenso analowedwa m'malo ndi LA. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 m'mawa ndi 4 madzulo kwa masiku atatu, onse pamodzi 24. Kulekeza panjira thupi likangozizira, n'kusungira m'bale otsalawo, kumasiya tizilombo tamoyo m'magazi ndipo matenda amabwerera.

Boma la Neno, lomwe linapatuka ku Mwanza mu 2003, lili ndi chifukwa chapadera chosamalira nkhaniyi. Chiyambire 2007 bungwe la Partners In Health, lodziwika kuno kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo anthu ambiri a shuga, mphumu, khunyu, kuthamanga kwa magazi ndi HIV tsopano amalandira mankhwala omwa moyo wonse. Gogo wonyamula timapepala titatu ta mapiritsi kuchokera ku Neno boma kapena ku Nsambe sakwanira kuwadziwa kuti aang'ono oyera ndi aakulu achikasu, pakuti mtundu wa piritsi umasintha kampani ikasintha. Chosasintha ndi dzina lenileni lolembedwa m'buku lake la kuchipatala.

Mu 1892 David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza buku lalikulu la mawu a Chimang'anja lofotokozanso miyambo yobisika m'mawuwo, ndipo mu 2000 tinalandira Mtanthauziramawu wa Chinyanja wolembedwa m'chinenero chathu. Ntchito yotsala ndi ya mayina a mankhwala amene tikumwa lero. Tikufunika kabuku ka Chichewa chomveka, kopezeka pa chipatala chilichonse ndi pa sukulu iliyonse, konena dzina lenileni la mankhwala, ntchito yake, mlingo wake ndi zimene sayenera kuphatikizidwa nazo. Podikira kabukuko, aliyense wolandira mapiritsi pawindo ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu asanachoke: dzina lake ndani, ndimwe angati, ndipo mpaka liti.